Phala la Raisa ndi Foni Imene Sinkayankhidwa

Ine ndilibe nthawi yolemba zambiri. Zovala zili m'beseni, ndipo madzi a kuno ku Kawale sachenjeza akamasiya. Koma inu amene mumagulitsa zinthu pa foni, kaya ndi uchi, nsalu, mafuta a tsitsi kapena tsabola wa m'mabotolo, khalani kaye pansi mumve za Zaituni wa ku Biwi. Ndimamudziwa chifukwa ana anga awiri akula ndi phala lake.

M'mawa wina azimayi ali pamzere pa mpope, mayi wina anatsika pa kabaza pakhomo pa Zaituni, mwana ali kumbuyo, paketi ili kumanja. Dzina lake ndi Felesita, wa kuno ku Kawale. Sanapereke moni. Anang'amba paketiyo ndi mano, n'kukhuthula ufa wonse pakhonde. Unali wotuwa, wonunkha chuku, anankafumbwe akuyendayenda.

"Ndinu amake Raisa? Idyani nokha. Mwana wangayu wagona m'chipatala chifukwa cha zonyansa zanuzi."

Zaituni anatola paketi ija. Sitika inali yake ndithu: yachikasu, kamwana katagwira supuni, pamwamba mawu akuti Phala la Raisa, pansi nambala yake ya foni. Koma ufawo sanaupange iye.

"Amayi, ufa uwu si wanga."

"Dzinali ndi la yani? Nambalayi ndi ya yani?"

Azimayi a pa mpope anali atasiya zigubu zikusefukira, akuonerera.

Kuti mumvetse chimene chinamupweteka, muyenera kudziwa kumene dzinalo linachokera. Mwamuna wake anapita ku Joni Raisa ali wakhanda. Miyezi yoyamba ankaimba, kenako zii. Mwanayo anayamba kuonda, tsitsi kufiira, ndipo kusikelo anamuuza mosabisa kuti akapanda kusintha chakudya amutaya. Namwino wina anamuphunzitsa kusakaniza chimanga, soya wokazinga ndi mtedza. Zaituni ankasankha mtedzawo umodziumodzi palichero, wowola aliyense kunja. Raisa anachira, ananenepa, anayamba kuthamanga.

Anzake kusikelo anayamba kumufunsa kuti mwanayu mukumudyetsa chiyani. Anawapangira pang'ono. Kenako anasindikiza masitika ku Old Town, n'kutsegula peji pa msika wina wa pa intaneti umene anthu amaikapo katundu wawo. Maoda ankabwera kuchokera ku Area 25, ku Chinsapo, ngakhale ku Njewa. Lendi inkalipidwa, Raisa analowa sukulu ali ndi nsapato. Ufawo anautcha dzina la mwanayo chifukwa ndi umene unamusunga ndi moyo.

Tsiku la manyazi lija atasesa khonde, anatsegula msika uja n'kulemba dzina la ufa wake. Anapeza mapeji awiri. Ina inali yake. Inayo inali ndi dzina lomwelo, zithunzi zake zomwe, mtengo wotsikirapo. Munthuyo ankalandira maoda pa peji yakeyo, koma pa paketi anasiya nambala ya Zaituni. Ndalama kwa iye, madandaulo kwa mwini dzina.

Analembera oyendetsa msikawo. Anamuyankha mwaulemu kuti nonse awiri mukuti dzinali ndi lanu, tionetseni umboni woti munalilembetsa ku boma pamodzi ndi chizindikiro chake. Anawatumizira chiphaso cha ku khonsolo. Iwo anati chimenecho chikungosonyeza kuti mumaloledwa kuchita malonda, sichikunena kuti dzinali ndi lanu.

Ambiri a ife sitidziwa zimenezi. Timaganiza kuti poti dzinalo tinaliganiza tokha, anthu onse m'dera akudziwa, basi ndi lathu. Pa intaneti palibe neba wokuchitira umboni.

Mchimwene wake Tahir, amene amasoka zovala ku msika wa Biwi, anabwera ndi nzeru yachidule.

"Achemwali, ingosinthani dzina. Litcheni lina lililonse, mawa muyambirenso. Anthu amaiwala."

"Ndiye mwanayu ndimusinthenso dzina?"

Ananena choncho chifukwa Raisa anali atabwera kusukulu akulira. Anzake ankamuitana kuti Raisa wa anankafumbwe.

Choncho Zaituni anavala bwino, anakwera minibasi, n'kupita ku ofesi yolembetsa mayina ndi zizindikiro za malonda. Ndalama yolipira ilipo, sindikunamizani, ndipo kwa iye nthawi imeneyo sinali yochepa. Anamufunsa chithunzi cha chizindikirocho. Iye anajambula paketi yokwinyika imene inali m'chikwama, n'kupereka chomwecho. Anamuuza kuti ayamba afufuza ngati dzinalo lilibe kale mwini, ndipo pakafunika kanthu amuimbira.

Kunyumba, foni inali itasanduka chilango. Aliyense wogula ufa wabodza uja ankawerenga nambala pa paketi n'kuimba. Ena ankamutukwana iye, ena amayi ake amene ali ku Mangochi ndipo sadziwa n'komwe kuti intaneti n'chiyani. Poyamba ankayesa kufotokoza. Palibe ankamvetsera. Kenako anangoitsekera mawu foniyo, n'kupanga lamulo lake: nambala yopanda dzina sayankha. Ikayaka, ankaitembenuza chafufumimba pa tebulo n'kupitiriza ntchito.

Miyezi inadutsa. Mvula inabwera, inatha. Ku ofesi kuja sanamveko kanthu, ndipo anayamba kunena kuti za amphawi amaziika pansi pa mulu. Omumva ankavomereza, poti kudandaula za maofesi tonse timakutha bwino.

Koma chimodzi sanasiye. M'mawa uliwonse ankasankha mtedza wake palichero monga kale, kukazinga soya, kupita kuchigayo. Anali atatsala ndi makasitomala ochepa, ife amene tinkamudziwa pamaso. Ankatipatsa ufa m'majumbo opanda sitika, ngati chinthu chakuba. Masana ankakazinga zitumbuwa kuti lendi ikwane. Ndinamufunsa tsiku lina chifukwa chake akuvutikabe kusankha mtedza wa anthu ochepa chonchi. Anangoti, "Amene adye ndi mwana," n'kupitiriza.

Tsiku lina masana kunamveka odi pakhomo. Zaituni atasuzumira anaona Felesita. Anayang'ana m'manja mwa mayiyo.

"Musaope amake Raisa, lero sindinatenge paketi. Koma foni yanuyi ndi yokongoletsera nyumba? Ndakuimbirani mpaka chala chauma."

Anakhala pa mpando asanapatsidwe. Anafotokoza kuti anapita ku Old Town kukasindikiza masitika a gulu la amayi a kutchalitchi kwawo, pa shopu ya bambo wina dzina lake Clifford. Ali pamzere, anaona mwamuna wina akulandira mpukutu wa masitika achikasu a kamwana ka supuni. Munthuyo atatuluka, anamufunsa Clifford ngati ameneyo ndi mwamuna wa amake Raisa. Clifford anaseka n'kunena kuti iye amangosindikiza. Chithunzicho chinatsala mu kompyuta yake kuyambira pamene Zaituni anasindikitsa, ndipo wobwera n'kunena kuti ndipangireni ngati iyi, amamupangira.

"Ndiye ndinalakwa," anatero Felesita. "Ndanena kamodzi, musandibwerezetse."

Zaituni anaseka koyamba patapita nthawi yaitali. Anamuuza zonse, za peji yabodza, za ku ofesi, za kudikira kopanda yankho.

"Anati akuimbirani? Ndiye inu simuyankha foni? Bweretsani kuno."

Felesita anayamba kutsitsa mndandanda wa mafoni osayankhidwa ndi chala chake chonenepa.

"Iyi ndi yanga. Iyinso yanga. Iyi kaya. Nanga iyi yoyamba ndi ziro wani, ikungobwerabwerayi? Iyi ndi foni ya pa desiki, amayi. Otukwana anzanga alibe madesiki. Imbani."

"Nanga akakhala wotukwana?"

"Mundipatse ine. Ntchito imeneyo ndimaidziwa, munaona nokha."

Zaituni anapukuta manja pa chitenje, anati bismillah chapansipansi, n'kuimba. Anayankha mayi wa mawu odekha.

"Mayi Zaituni? Takhala tikukufunani kalekale. Dzina lija tinafufuza, palibe analilembetsa. Koma chithunzi munatisiyirachi sichikuoneka, kamwanako kakungokhala ngati mbatata. Tibweretsereni chooneka bwino kuti ntchito ipitirire."

Zaituni anatsitsa foni. Miyezi yonse ija, chimene chinaimitsa nkhani yake chinali chithunzi chimodzi ndi mantha a kuyankha.

Felesita sanamupatse nthawi yodzimvera chisoni. Anamuuza kuti avale nsapato. Chithunzi choyera bwino chinali malo amodzi okha, mu kompyuta ya Clifford. Anakafika onse awiri, ndipo Clifford ataona nkhope ya Felesita anayamba kufotokoza asanafunsidwe.

"Amayi, ine sindinadziwe kuti..."

"Achimwene, tsopano mwadziwa. Mwini wake ndi uyu. Mupatseni chithunzi chake, ndipo wina akabweranso kudzafuna masitika amenewa, mumuuze kuti makina afa."

Tsiku lomwelo Zaituni anakapereka chithunzicho ku ofesi. Nthawi ino sanangotuluka. Anafunsa chimene chitsatire, anafunsa tsiku loti adzafunsenso, anasunga nambala ya ofesiyo m'foni ndi dzina la zilembo zikuluzikulu. Anapemphanso kalata yosonyeza kuti pempho lake lalandiridwa, n'kuitumiza kwa oyendetsa msika uja. Iwo anayamba aimitsa peji inayo, n'kumuuza mwini wake kuti abweretse umboni wake. Sanabweretse.

Panali gawo lina limene silithamangitsika. Dzina limalengezedwa kaye kuti ngati pali wotsutsa atsutse, ndipo nthawi imeneyo umadikira basi, ngakhale ulire. Zaituni anadikira, koma tsopano ankadziwa chimene akudikira. Foni ikalira ankayankha. Ena anali otukwana ndithu, otsalira a ufa wakale uja. Ankawamvetsera mpaka amalize, kenako n'kuwauza kuti abwere ku Biwi adzaone mmene amapangira, adzatenge paketi imodzi yoyesa. Angapo anabweradi. Mmodzi mwa iwo lero amagula katoni yathunthu ya ana a ku sukulu ya mkaka.

Palibe anatsutsa. Satifiketi inatuluka, peji yabodza inachotsedwa. Musaganize kuti m'mawa mwake anthu anadzaza pakhomo. Anabwerera mmodzimmodzi, mwamanyazi, ena akunamizira kuti anali kumudzi. Felesita anajambula mwana wake akunyambita mbale, n'kutumiza m'magulu onse a WhatsApp amene kale anaikamo chithunzi cha anankafumbwe. Pansi analemba kuti, "Wabodza uja wathawa. Uwu ndi weniweni. Wotsutsa andipeze."

Lero Zaituni ali ndi azimayi awiri omuthandiza kusankha mtedza, ndi kachipinda kake kosungiramo ufa. Raisa amadutsa pa golosale ya pa kona n'kuloza paketi yachikasu, kuuza aliyense kuti ameneyo ndi iye, ngakhale kamwana ka pa sitikako sikafanana naye n'komwe.

Anzake ogulitsa pa intaneti amabwera kudzamufunsa kuti zimatheka bwanji kuti zisachedwe. Iye salonjeza zozizwitsa. Amawauza kuti apite dzina lisanabedwe, asanasindikize n'komwe masitika, akafufuze ngati lilibe mwini. Mayi wina wa uchi wa ku Area 25 anapeza kuti dzina limene ankalikonda lili ndi mwini kale, anasintha asanawononge kanthu. Amawauzanso kuti chithunzi chikhale chochokera kwa wosindikiza, osati chojambula paketi ya m'chikwama, ndipo akanene bwinobwino mtundu wa katundu amene amagulitsa. Amene anamumvera sanabwezedwe, nkhani zawo zinayenda ulendo umodzi. Ndipo asanatuluke pakhomo amawagwira dzanja n'kunena kuti, "Nambala mwasiya kumeneko ikhale yoti mumayankha."

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina lero ndi inu mwatembenuza foni chafufumimba. Mwina anakuberani dzina, mwina anakuchititsani manyazi pamaso pa anthu, ndipo mwatsekera aliyense kunja, wotukwana ndi wothandiza yemwe. Ndikumvetsa, kutukwanidwa kumatopetsa. Koma Zaituni sanapulumutsidwe ndi mwayi. Anapitiriza kusankha mtedza wake pamene palibe ankaona, anakana kutaya dzina la mwana wake, ndipo tsiku lina anapukuta manja n'kuimba nambala imene ankaiopa.

Dzina limene mwalivutikira, kalilembetseni lisanapeze mwini wachiwiri. Mtima usagwe, ntchito musasiye. Ndipo foniyo ikalira, chonde, yankhani.

Ine ndikachape, madzi asanapite.