Mafilimu a Malume Pamoto wa Maliro

Ndinadzuka kusanache, azana yoitanira anthu kumapemphero isanamveke n'komwe kumzikiti. Chimene chinandidzutsa ndi fungo. Amuna tinagona pansi pa tenti imene anaimanga pabwalo la malume ku Nkope, ena pamphasa, ena pamabenchi obwereka kumadrasa. Mvula inagwa usiku wonse mpaka tentiyo inayamba kudontha pakati, ndipo amene ankawerenga Kurani anachita kusunthira pakhonde. Fungo la utsi wa nkhuni zonyowa aliyense amalidziwa pamaliro a m'dzinja, koma ili linali lina. Linali lokanda kukhosi, ngati munthu akuotcha nsapato zapulasitiki. Ndinadzifunda kumutu, koma linandipeza momwemo.

Malume angawa, mlongo wawo wa amayi, anali ojambula zithunzi. Mafoni asanabwere, panalibe ukwati, ziyara kapena tsiku lotuluka anyamata ku jando, kuyambira ku Makawa mpaka ku Chembe, limene iwo sankafikako panjinga, kamera ili pakhosi. Mafoni atachuluka anthu anasiya kuwaitana, iwo n'kubwerera kumunda. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku boma, ndipo chaka chatha ndinayamba kumabwera Lamlungu kuti andiphunzitse kujambula ndi kamera ya filimu. Sanali munthu wolankhula zambiri. Ankandiuza kuti ndiyang'ane mthunzi wa munthu pansi ndisanakhudze kamera, chifukwa mthunziwo ndiwo ukuuza kuti dzuwa lakula bwanji. Ndikafulumira kudina ankandigwira chala. Filimu ndi yaifupi, ikatha yatha, ndipo suona chimene wajambula mpaka utaitsuka m'chipinda chamdima. Mafilimu anga oyamba anatuluka akuda bii, ena oyera mbee. Iwo ankawayang'ana padzuwa, n'kungoti, "Bwerezanso."

Anamwalira kuchipatala cha ku boma. Mwa chikhalidwe chathu akanaikidwa tsiku lomwelo, koma msuweni wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, amene amakhala ku Joni, anaimba foni kuti bambo ake asalowe m'manda iye asanafike. Akuluakulu anang'ung'udza, komabe anadikira. Anafika madzulo a dzulo lake pagalimoto yobwereka, ali ndi anzake awiri.

Ndinalondola fungolo kuseri kwa nyumba, kumene azimayi anali atayala mafuwa pansi pa malata akale. Moto unali m'malo angapo, madramu a madzi ndi mapoto akuluakulu a nyemba ali pamwamba. Utsi wake unali wakuda. Pambali panali makatoni amene ndinawazindikira ndisanafike pafupi, chifukwa ndinkawaona Lamlungu lililonse m'chipinda cha malume. Munali manegetivi, timizere ta filimu yotsukatsuka timene munthu amasindikizira zithunzi, tonse tili m'maenvulopu ake, ntchito ya moyo wawo wonse. Makatoni ambiri anali atatsala opanda kanthu. Mayi wina ankatapa ndi manja awiri n'kumakankhira pansi pa nkhuni. Timizereto tinkapindika, kufufuma matuza, kenako n'kudontha ngati phula. Mayi wina ankakupizira moto ndi chithunzi chachikulu cha mkwati ndi mkwatibwi.

Ndinafunsa kuti zimenezi azitenga kuti.

"Atipatsa eni ake, a ku Joni," anatero wokupizayo, osasiya kukupiza. "Akuti ndi zinyalala. Nkhuni zanyowa, bambo, nanga anthu onsewa adya chiyani?"

Ndinagwada n'kuyamba kusolola zimene zinali m'mphepete mwa moto. Zinandimata m'zala n'kundiotcha. Ndinaponya zimene ndinapulumutsa m'katoni imodzi yomwe inali isanathe, n'kuinyamula. Kumbuyo kwanga wina anati chisoni chandizunguza mutu, ena n'kuseka chapansipansi. Katoniyo ndinakailowetsa kunsi kwa bedi m'chipinda cha akazi a malume. Iwo anali khale pamphasa pakati pa achibale awo, atadzifunda.

Msuweni ndinam'peza pagalimoto akutsuka mkamwa ndi madzi a m'botolo. Anali atavala mkanjo watsopano, mizere ya m'pepala lake ikuoneka. Ndinamuonetsa zala zanga.

"Achimwene, mwaotchetsa manegetivi a malume?"

Analavula kaye. "Chipinda chija ndimafuna agonemo anzangawa. Ukufuna alendo ochokera kutali agone pamakatoni a mphemvu? Komanso anthu ali m'menemowo ambiri anafa kale. Akuwafuna ndani?" Anapukuta pakamwa, kenako anati, "Kamera ija ili ndi iwe eti? Undijambule ndikamanyamula jeneza ya bambo popita kumanda."

Ndisanayankhe, mkulu wina wa kumzikiti amene anamva zonse anandigwira pachigongono n'kundikokera pambali. Anandiuza kuti lero si tsiku lokangana, mtembo uli m'nyumba. Ndinamumvera. Ndinakasamba, n'kupita kukaswali ndi anzanga, koma mawu a swala ndinkangowatchula ndi pakamwa.

Kutacha mvula inakata, kumwamba kudakali kotuwa. Anthu anayamba kufika. Oyamba anali asodzi amene anachezera panyanja, maso ali psuu, zovala zikununkha usipa. Kenako inabwera lole ya ku Chowe itadzaza amayi, njinga za kabaza, njinga zamoto zothovula matope, ndi ena oyenda pansi nsapato zili m'manja. Anabweranso a tchalitchi cha pafupi, n'kukhala chete chakumapeto kwa bwalo. Ambiri ndinkawamva akuuzana kuti malemuwa ndiwo anajambula ukwati wawo, ena kuti chithunzi cha pachiphaso chawo choyamba chinachokera pakhomo pano. Ankalankhula zimenezi akukupiza mphuno, kudabwa kuti chikununkha n'chiyani.

Bambo wina wokalamba, wa kofiya yothaitha, anandifunafuna mpaka kundipeza. Anati anamva kuti ndine amene ndinkaphunzira ntchitoyi. Nyumba yake inagwa ndi madzi osefukira, ndipo chithunzi chokhacho cha malemu mkazi wake chinapita ndi madziwo. Malume anamulonjeza kuti negetivi ilipo, adzamusindikizira china akapezako bwino. Anandifunsa mwaulemu kwambiri ngati ine ndingathe, maliro akatha, popanda changu. Utsi wakuda uja unkadutsa pamwamba pa mitu yathu. Ndinangoti, "Tidzaona, bambo." Anandigwira dzanja ndi manja ake awiri kuthokoza, n'kundifinya pomwe panali matuza.

Anabweretsa tiyi m'zidebe. Nditamwako pang'ono ndinamva pulasitiki palilime. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kusanza, ngakhale m'mimba munalibe kanthu. Pobwerera ndinapeza anthu akulimbirana makapu, ena akupempha shuga wowonjezera.

Atatha kusambitsa mtembo ndi kuukulunga m'nsanda, anaitana achibale apafupi kuti tione nkhope komaliza. Tinalowa mmodzimmodzi. Nkhope ya malume inali itachepa, koma inali yawo. Mmodzi mwa anzake a msuweni analowa nafe, foni ili m'mwamba. Shehe anamuuza motsitsa mawu kuti pano sitichita zimenezo. Iye anavomera ndi mutu, n'kutsitsa foniyo kufika pamimba, diso lake likuyang'anabe pamphasa. Tonse tinaona. Tinamuleka, chifukwa anali mlendo wa mwini maliro.

Tinaswalira mtembo pabwalo la mzikiti, titaima m'mizere. Ponyamuka kupita kumanda mitambo inang'ambika, dzuwa n'kutuluka. Nthaka inayamba kufuka nthunzi. Kuwala kunagwera pansalu yobiriwira ya pajeneza ndi pamikanjo yoyera, mithunzi ya anthu ili yofewa m'mbali mwake. Ndinapezeka ndikuyang'ana mithunziyo, zala zanga zikupotokola m'malere ngati zagwira kamera, mmene anandizolowezera malume. Kamerayo ndinali nditaisiya m'chikwama kunyumba, ndipo sindinadandaule.

Jeneza kwathu imayenda mofulumira. Amuna amalandirana pamapewa, wina akalowa wina akutuluka, onse akutchula dzina la Mulungu. Itafika nthawi ya msuweni, mnzake wa foni uja anathamangira kutsogolo n'kuyamba kuyenda chafutambuyo, dzanja lina akukupiza kuti onyamula achepetse liwiro. Msuweni anakana kupereka phewa kwa wotsatira. Anayenda choncho kamtunda, nkhope ataikwinya, akuponya diso kufoni. Mzere wonse unasokonekera, akumbuyo akuponda akutsogolo. Kenako wojambulayo anaterereka n'kukhala pansi m'matope. Anyamata ena anaseka, jeneza ili pamapewa.

M'manda munali mutalowa madzi, ndipo okumba anali akukapa ndi chidebe. Tinadikira padzuwa mpaka anamaliza. Ine, monga mwana wa mlongo wawo, ndinali mmodzi mwa otsikira pansi kukalandira mtembo. Matope anandifika m'akakolo. Tinawagoneka chammbali m'kamphako kokumbidwa m'khoma la manda, n'kumasula mfundo za nsanda. Anali opepuka ngati mwana. Nditakweza maso kuti andipatsire matabwa otsekera, sindinaone nkhope za anthu. Ndinaona mafoni okhaokha atazungulira pakamwa pa manda, ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, a achibale, a anansi, a anthu amene ndinaswali nawo m'mawa womwewo. Mpaka pamenepo ndinkayesa kuti ndanyansidwa ndi munthu mmodzi. Ananditulutsa pondikoka dzanja, ndipo ndinathira dothi langa osayang'ana aliyense.

Titabwerera kunyumba anthu anadya mpunga ndi nyemba, ndipo anadya bwino ndithu. Amayi ena anamanga zotsala m'mipango. Ndinalowa m'nyumba kuti ndisinthe zovala, n'kupeza mnzake wina wa msuweni atakhala pampando wa malume, chikwama changa chili chotsegula, kamera ili m'manja mwake. Ankaitembenuzatembenuza kufunafuna poonera zithunzi. Ndisanafike pomwe anali, anakoka kachitsulo ka pamwamba, chitseko cha kumbuyo n'kutseguka. Filimu inali m'katimo, pafupi kutha. Ndi imene tinayamba limodzi ndi malume asanagonekedwe m'chipatala, ndipo tsiku limenelo anavomera, koyamba, kuti ndiwajambule iwo, atakhala pakhonde akusenda chinangwa. Filimu yosatsuka ikaona kuwala imafa nthawi yomweyo. Pazenera panali dzuwa la masana.

"Zakalekale izi," anatero akuseka, n'kundipatsa ili chitsegukire.

Apa ndiye ndinalankhula. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndikudziwa kuti zinamveka mpaka kubwalo, ndipo amayi anga anabwera kudzandigwira pakamwa. Msuweni anaima pakhomo n'kunena kuti ndikuchititsa manyazi banja pamaso pa alendo chifukwa cha chidole. Anthu amene anali pafupi anavomerezana naye. Bambo wa kofiya uja anabwera kudzatsanzika nthawi yomweyo, n'kundikumbutsa kuti palibe changu.

Pofika madzulo tenti inali itaphwasulidwa, mabenchi atabwezedwa. Pabwalo panatsala matope opondedwapondedwa ndi makapu osweka. Kuseri, phulusa linali ndi zibuma zakuda zolimba, nkhuku zikuzijompha n'kuzisiya. Achibale ochepa amene anatsala anagona msanga ndi kutopa.

Ndinagogoda kuchipinda cha akazi a malume kuti nditenge katoni ija. Anali okha, nyale ya sola ili pansi. Anandiuza kuti ndikhale, ndiwaonetse chimene chatsala. Ndinayamba kutulutsa timizereto kamodzikamodzi, n'kumatiika kutsogolo kwa nyale. Tina tinali titamatana, tina tathera pakati. Poyamba sanaone kanthu. Pa negetivi zonse zimatembenuka, nkhope zathu zimaoneka zoyera, mano ndi mikanjo zakuda. Ndinawafotokozera zimenezi, iwo n'kusendeza maso pafupi. Pang'onopang'ono anayamba kuwadziwa anthu ndi kaimidwe kawo. Uyu anali mwini bwato, uyu anakwatiwa ku Mozambiki, awa anamira limodzi. Ankatchula mayina motsitsa, ine ndikungosintha.

Ndinatulutsa kena kamene kanapsa mbali imodzi. Panali mtsikana wowonda ataima pafupi ndi njinga, atanyamula khanda m'chiuno, khandalo litagwira belu ndi manja onse awiri. Anandigwira mkono kuti ndisasunthe.

"Uyu ndine," anatero.

Kuchipinda china, chija ankasungamo makatoni, msuweni ndi anzake ankaonera maliro pafoni. Tinkamva mawu a onyamula jeneza akutuluka m'kasipika, ofooka, kenako n'kubwezedwa poyambira. Wina anaseka atafika poterereka paja.

Mayiwo analoza khoma la chipindacho ndi chibwano, maso ali pakhanda.

"Khandali ndi msuweni wakoyo," anatero. "Sankalola kuti bambo ake achoke osamukweza panjinga. Ankalira mpaka kusasa mawu."

Anagwira kafilimuko nthawi yaitali, m'mphepete mokhamokha, mmene amuna awo ankagwirira. Kenako anandifunsa ngati kangatulukebe chithunzi. Ndinati mbali yotsalayo ingathe kutuluka, ngakhale dzanja langa silinakhwime.

"Ukayese," anatero. "Ukabweretse kwa ine, osati kwa iye."

Anazimitsa nyale.