Nkhalango Imene Sitinadzale

Mbande zathu zinafika mvula itatsala pang'ono kusiya, ndipo pofika Okutobala zimene mbuzi zinasiya zinali zitauma zonse. Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zachilengedwe ku bungwe lina lodzala mitengo, dera langa linali midzi ya kuseri kwa Kandeu. Pondilemba ntchito anandisainitsa pepala lolonjeza kuti sindidzalemba chimene sindinachione ndi maso anga. Ndinasaina ndikuseka, poti ndinkadziyesa munthu wosanama.

Kenaka bwana wanga anaimba foni kuchokera ku Lilongwe. Opereka thandizo ankafuna mapu a nkhalango yathu.

"Bwana, kuno kulibe nkhalango," ndinatero. "Kwatsala maenje okhaokha."

"Nanga chobiriwira ndikuchiona pakompyutachi, kumtunda kwa dambo, n'chiyani?"

"Amenewo ndi manda, bwana."

"Mitengo ndi mitengo, mayi. Kazungulireni ndi foni."

Ndinapsa mtima, koma mkwiyowo unangothera m'mimba. Ntchito ndinkaifuna.

M'mawa mwake ndinayenda m'mphepete mwa mandawo, foni ili m'manja ikujambula malire. Sindinalowe, ndipo ndinkadzitonthoza ndi zimenezo ngati kuti ulemu wonse unali pamenepo. Kunali zii. Ngakhale mbuzi zimene zinatithera mbande sizinkayandikirako. Ndikumaliza, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga.

Anali agogo ena a m'mudzimo amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi chifuwa chosatha. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho.

"Alangizi, mukuyeza chiyani kwa anthu ogona?"

"Ndikungoona mitengo, agogo."

"Oyeza ine ndinawaona kumgodi. Akangodutsa ndi zingwe zawo, anthu ankasamuka." Anatsokomolanso, kenaka analoza ndi ndodo. "Patsinde pa msuku uwo pagona amayi akunyumba kwanga. Pambali pawo ndi panga. Pamenepo pokha musandiyezere."

"Musade nkhawa, agogo. Palibe adzakhudze malo anu."

Ndinalonjeza ndikuwayang'ana m'maso. Msukuwo unali kale mkati mwa mapu, ndipo madzulo omwewo ndinawatumiza.

Opereka thandizo anawakonda zedi mapuwo. Patapita miyezi kunabwera lole ya waya waminga wotchingira mandawo ndi chikwangwani chonena kuti iyi ndi nkhalango yotetezedwa, kudula ndi kukumba n'koletsedwa. Mudzi unalonjezedwa mjigo ukasunga pangano. Akuluakulu a m'mudzimo anadinda zala papepala la panganolo poganiza kuti nkhani ndi ya mbande zija, ndipo amene anawawerengera pepalalo, n'kumadumpha mizere ina, ndinali ine. Kuofesi anandiwombera m'manja. Mpaka lero ndikamva anthu akuwomba m'manja pamsonkhano ndimachita manyazi.

Ndinayamba kulambalala njira ya kwa agogo aja. Komabe chifuwa chawo chinkandipeza. Ndikamadutsa panjinga yamoto kumunsi kwa dambo ndinkachimva, ndipo mwezi uliwonse chinkamveka chakuya kuposa kale. Kawiri konse ndinalembera bwana kuti tichotse mandawo pamapu. Anayankha kuti tidzaona chaka chamawa.

Agogowo sanadikire chaka chamawa. Anamwalira mu Julayi, kukuzizira koopsa. Adzukulu atafika pawaya ndi makasu awo, mudzi unagawikana. Ena ankati dulani wayayo, ena ankati amayi atopa kutunga madzi a m'dambo, mjigo usatiphonye chifukwa cha munthu mmodzi. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo a mjigo anapambana. Manda anakumbidwa kunja kwa waya, pamtetete, pakati pa maenje a mbande zathu zouma.

Ndinapita kumaliroko, ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditafunda chitenje kumutu. Pobalalika, mwana wawo wamkazi anandipeza n'kundigwira dzanja. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira.

"Zikomo pobwera, alangizi," anatero motsitsa mawu. "Bambo mpaka dzana ankatiuza kuti tisavutike za malo awo, inu munawalonjeza."