Mboni ya Pashelefu

Kuseri kwa msika wa pa Mkanda kuli madala ena okonza mafoni amene sathamangira kutsegula foni ya munthu. Ali ndi kamakina koyezera mphamvu imene foni imatumiza ku nsanja ya netiweki, koma nakonso sakakhulupirira msanga. Pashelefu amasunga foni yakalekale yomwe sinadwalepo, ndipo amaitcha mboni. Amakonda kunena kuti, "Makina nawonso amanama, makamaka akakalamba ngati ine."

Tsiku lina kunabwera mayi Filomena, nkhope ili yakugwa. Mwana wawo wamkazi ku Chipata anali woyembekezera, masiku atayandikira, koma akaimbirana mawu ankangodukaduka. Madalawo atalumikiza foniyo, makina anaonetsa mphamvu yochepa kwambiri.

"Yafa basi?" anafunsa mayiwo.

"Dikirani, mayi, tifunse kaye mboni."

Mboni nayo inaonetsa kufooka komweko. Madalawo anaseka chamumtima, n'kutsatira chingwe cha makinawo ndi chala mpaka anapeza pamene khoswe anatafuna. Atasintha chingwe, mafoni onse awiri anapezeka amphamvu.

"Foni yanu ili bwinobwino. Kodi mumaimbira pati?"

"Kudimba, kudambo uko. Ndimaswera komweko."

"Kudambo netiweki sitsikako. Muzikwera pachulu."

Mayiwo anachoka akukayika, poti munthu sakhutira foni ikabwerera yosatsegulidwa. Koma nkhani yoti mdzukulu wabadwa inawapeza ali pamwamba pa chulu, khasu lili paphewa. Masiku ano akamadutsa pamsikapo amapereka moni kawiri, woyamba kwa madalawo, wachiwiri kwa mboni.