Kanyali Kofiira Kuseri kwa Chithunzi cha Amayi

Mpaka lero ndikamva fungo la mpando wa galimoto wotenthedwa ndi dzuwa, losakanikirana ndi fumbi ndi petulo, ndimapezeka ndakhala m'kati mwa pikapu yoyera ya bambo anga, maondo atagunda kabokosi ka kutsogolo, kope lili pamwendo. Galimotoyo inkaima pambali pa chisakasa chathu cha malata ku Ramaphosa, kufupi ndi Reiger Park, m'dera la Boksburg ku Joni, ndipo anthu a kumeneko ankaitcha baki. Bambo anaipatsidwa ndi mzungu wokalamba wa ku Brakpan amene ankamugwirira ntchito ya m'maluwa. Posamukira kwa ana ake, mzunguyo anasiyira bambo makiyi, nati galimotoyo yakalamba ngati iye mwini koma mtima ikadali nawo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili kusekondale, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba m'kope la chikuto chabuluu, chifukwa ndinkakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa bwino chimayendanso bwino.

Amayi anali atabwerera kwathu ku Ntcheu nyengo yozizira isanathe. Chifuwa chinawagwira m'miyezi imene utsi wa malasha a m'mbaula umaphimba Ramaphosa yense ngati bulangete lonyowa, ndipo sichinawasiye. Alongo awo analemba kalata kuti wodwala abwere kwa eni ake, ndipo mawu a eni mbumba satsutsika ngakhale uli ku Joni. Amayi anakwera basi atavala majuzi awiri. Ine anandisiya chifukwa cha mayeso. Pawindo la basi bambo anawalonjeza kuti sukulu zikatsekera mu Disembala tibwera pa galimoto yathuyathu, titanyamula malata a nyumba ndi makina osokera amene amayi ankawalakalaka. Makalata ankabwera ndi anthu onyamula katundu. Oyamba anali a dzanja la amayi, zilembo zopendekera kumanzere. Pofika mu Okutobala anayamba kubwera a dzanja la mng'ono wawo, ndipo ankafupikira.

Bambo anaphunzira kuyendetsa pa thirakitala ya ku esiteti ya fodya, ndipo injini ankaimva ndi khutu. Koma buku la galimotoyo, limene tinalipeza m'kabokosi muja pamodzi ndi tochi yakufa ndi mapu ong'ambika, linali la Chingerezi cholimba. Choncho Loweruka lililonse masana, ndikatha kutunga madzi kumpopi ndi kuyanika yunifolomu, ankandiitana. “Aphunzitsi, belu lalira, tiwerengereni.” Tinkakhala pampando wautali uja, ine ndikuwerenga ndi kumasulira, iwo akugwira chimene ndatchula. Ndinadziwa tchoko, kamtengo kamene umakoka m'mawa kukazizira, injini n'kutsokomola kaye ngati nkhalamba isanavomere. Ndinadziwa tizitsulo tiwiri ta hita, kamodzi kosankha kutentha, kena kolozetsa mpweya kumapazi kapena kugalasi kuti nkhungu ichoke. Handibuleki yake inali pansi pa chiwongolero, yokoka ngati chigwiriro cha ambulera. Mawayipa ankalira ngati ana a mbewa. Wailesi inkagwira siteshoni imodzi yokha, ya Chisutu, ndipo bambo ankayimba nawo mawu awoawo a Chichewa. Bambo akachoka, ana a mzere wathu ankadzaza kumbuyo kusewera takisi, akukuwa mayina a Boksburg ndi Germiston, ine ndili pachiwongolero ndikuyatsa indiketa kulowera ku Ntcheu.

Chimene ndinachikonda kwambiri chinali tinyali ta pa dashibodi. Ukatembenuza kiyi tonse tinkayaka pamodzi, injini ikalira n'kuzima kamodzikamodzi. Ndinatijambula m'kope langa ndi bolopeni yofiira, n'kulemba tanthauzo pansi pa kalikonse. Pa kanyali ka kumanzere kwenikweni, kooneka ngati ketulo yodontha, ndinalemba kuti: “Aka n'ka oyilo. Kakayaka galimoto ikuyenda, imani pompo. Osati patsogolo pang'ono. Pompo.” Ndinadula mizere iwiri pansi pake. Nditawawerengera, bambo anagwedeza mutu n'kundigwira paphewa. “Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri,” anatero. “Ine maso pamsewu, inu aphunzitsi maso pa tinyali. Tikafika.”

Fumbi lachikasu la m'milu ya migodi litaleka kuuluka, mvula yoyamba n'kugwa, tinayamba kukonza kumbuyo. Amene ankatithandiza anali a Tembo, makaniko a ku Chipata okhala mzere wachitatu kuchokera kwathu, munthu wanthabwala amene zikhadabo zake sindinazionepo zoyera. Anawotcherera zitsulo zoimirira m'mbali kuti katundu akwere m'mwamba. Ine ntchito yanga inali kudula machubu akale kukhala malegeni, ndipo manja anga ananunkha labala mwezi wonse. Ndinaphunzira kukoletsa chingwe m'ngowe za m'mbali mwa bodi, kuchidutsitsa pamwamba, kuchikoka ndi thupi lonse mpaka chilire ukachikhudza. Malata anagona pansi, makina osokera tinawakulunga m'mabulangete n'kuwatsamiritsa kukhoma la kutsogolo kuti asagwedezeke, jeke ndi tayala la sipeya tinaziika pafupi ndi chitseko cha kumbuyo. Pamwamba pa zonse tinafunditsa lona wobiriwira. Koma katundu sanalekere pamenepo. Mtchona akamapita kwawo sapita yekha: aliyense wa kwathu amene anamva anabwera ndi kamtolo ka kwa mayi ake, njinga ya mwana, chitini cha mafuta ophikira, matilesi, ndipo kukana kunali kosatheka. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. A Tembo anaizungulira akuseka. “Achimwene, mwanyamula Joni yense. Tisiyireniko mpopi wokha.”

Chithunzi cha amayi ndinachiika ndine. Chinali chojambulitsa ku situdiyo, atavala duku loyera, manja atasanjika pamwendo. Kutatsala masiku atatu bambo anachitulutsa m'Baibulo nati ndichiike pamene azichiona akamayendetsa. Ndinayesa pagalasi, chinagwa. Ndinayesa pa chotchingira dzuwa, sichinkaoneka. Pomaliza ndinachilowetsa m'mphepete mwa kagalasi ka dashibodi, kumanzere, pamene sichinkaphimba muvi wa liwiro kapena wa petulo. Ndinadziwa kuti chaphimba ketulo ija. Ndinaganiza kuti palibe kanthu, popeza bambo ankayeza oyilo ndi kachitsulo kake Lamlungu lililonse tisanapite kutchalitchi. M'masiku atatuwo dzuwa linachipinda chithunzicho, m'mphepete mwake cha kumbali yanga n'kutukuka pang'ono.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa, dzuwa litatuluka, kunja kukununkha dothi lonyowa. Azimayi a kwathu anaimba nyimbo imodzi, wina anapemphera motalika. Potulukira ku Ramaphosa panali ngalande imene mvula inakumba, ndipo pakati pake panali mwala. Tsiku lina lililonse galimoto inkadutsapo osaukhudza. Tsiku limenelo, ndi katundu yense uja, tinamva kukhulika kunsi, kenako tinakwera kutsidya, anthu n'kuwomba m'manja. Bambo analiza hutala kawiri. Palibe amene anasuzumira pansi. A Tembo anatiuza pambuyo pake kuti mzere wakuda wa oyilo unayambira pamwala pomwepo.

Tinali titalowa mumsewu waukulu wolowera kumpoto pamene ndinakaona. Bambo, ali kumanja, ankaona nkhope ya amayi yokha. Koma ine, ndili kumanzere, ndinkaona kuseri kwa mphepete yotukuka ija, ndipo kumeneko ketulo inali kuyaka, kufiira ngati khala. Poyamba inkaphethira, kenako inayakiratu. Kope linali pamwendo panga. Sindinafunike kulitsegula. Ndinatsegula pakamwa, n'kuyang'ana bambo. Anali atatsitsa galasi, chigongono chili pawindo, akuyimba nyimbo yawo ya Chichewa pamwamba pa wailesi ya Chisutu, ndipo chichokereni amayi ndinali ndisanawaonepo nkhope itamasuka choncho. Ndinaganiza kuti tikaima tibwerera, tikabwerera sitinyamukanso. Ndinaganiza kuti mwina ndi waya wamasuka ndi mwala uja. Ndinaganiza kuti Mulungu amene watifikitsa apa sangalole kanyali kang'ono chonchi kutiletsa. Ndinadziuza kuti ndiwauza tikadutsa mlatho uwo. Titaudutsa ndinasankha mlatho wina.

Injini inayamba kugogoda tili kufupi ndi Kempton Park. Kugogoda kwake kunali ngati kwa munthu wotsekeredwa m'nyumba. Bambo anasiya kuyimba, naponda kilatchi, koma fungo la chitsulo chopsa linali litalowa kale kudzera m'mabowo a hita. Galimoto inadzikoka mpaka m'mbali mwa msewu n'kukhala chete. Anatembenuza kiyi, sinayankhe. Anachotsa chithunzi chija, naona kanyali, nakhala nthawi yaitali akuyang'ana zinthu ziwirizo. Pamwamba pathu ndege zinkanyamuka motsatizana, zina zikulowera kumene tinkapita. “Ndine,” anatero pomaliza. “Ndinakuuza ndine kuti uchiike. Usalire, mwanawe, sukadaona.” Ine ndinalira kwambiri, ndipo iwo anaganiza kuti ndikulirira ulendo.

Galimoto ina inatikoka ndi chingwe kubwerera ku Ramaphosa madzulo a tsiku lomwelo, tikudutsa anthu amene anatiombera m'manja. A Tembo anatsegula boneti, naika dzanja, nasiya nthabwala. Anati injini yanoka, yaferatu posowa oyilo, koma kukanakhala kuti tinaima msanga, ikadangofunika kumata ndi kuthira oyilo. Analonjeza kufunafuna ina kumalo ogulitsa zitsulo zakale ku Nigel. Azimayi anauza bambo kuti tikwere basi, katundu adzabwera pambuyo. Bambo anakana. Anati analonjeza pawindo la basi kuti adzafika pa galimoto, ndipo mwamuna amene wakhala ku Joni zaka zonsezi sangatsike kwa akazi ake atanyamula chikwama chokha, alamu ake akuyang'ana. Sabata imodzi yokha, anatero. Khirisimasi inatipeza lona asanamasulidwe. Eni mitolo anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga zawo, akulankhula motsitsa mawu ngati pamaliro. Injini ya ku Nigel itabwera, sinakwane. Mu Januwale munthu wonyamula katundu anafika pakhomo, navula chipewa asanapereke kalata. Amayi anali ataikidwa kale masiku asanu ndi anayi.

Pikapu ija sinayendenso. Malata tinafolerera chisakasa chathu pamene pankadontha, ndipo makina osokera bambo anapatsa mayi wina wa kutchalitchi, osafuna kuwaonanso. Matayala anaphwa, udzu unamera kuzungulira, ana anapitiriza kusewera takisi kumbuyo. Ine ndinkachitira homuweki m'kati mwake chifukwa munali mosalowa mphepo, koma sindinkakhalanso kumanzere. Kope labuluu lija linathera pa tsiku la ulendo. Tsamba lomaliza lili ndi mawu amene ndinalemba tisananyamuke: “Lero tikupita kwa amayi.”

Ndakhala ndikudzifunsa chimene nyengo ija inandiphunzitsa, ndipo sindipeza chimene ndingapatse mwana kuti chimuthandize. Ndinkadziwa tanthauzo la kanyali kalikonse, ndinalemba bwino, ndinadula mizere iwiri, ndipo kudziwako sikunaimitse galimoto. Anthu amayamikira chiyembekezo ngati kuti sichilakwa, koma ine chinanditseka pakamwa mtunda wonse kuchokera ku Boksburg mpaka ku Kempton Park, monga chinatsekera bambo m'makutu pamene azimayi ankanena za basi. Bambo anakhala zaka zina zambiri akugwira ntchito m'maluwa a anthu, ndipo sanapitenso ku Ntcheu, chifukwa cha manyazi. Nthawi zonse akakumbukira ankati cholakwa chinali chawo, popeza anaphimba maso a galimoto ndi nkhope ya mkazi wawo. Ndinakhala nawo pafupi mpaka tsiku lawo lomaliza, ndinawaphikira, ndinawasambitsa, ndipo nthawi zambiri ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Nthawi iliyonse ndinkasankha mlatho wina. Iwo anapita akukhulupirira kuti m'galimoto muja palibe amene akadaona, pamene tinalimo awiri.