Manambala a Dailes

Dailes Njobvu adachoka ku Katete ndi mwamuna wake Tenson, nakakhazikika ku Bundabunda komwe ankalima chimanga ndi nshawa. Tenson adamwalira chaka cha chilala chija, chimanga chitaumira m'munda chisanabereke. Pamaliro Dailes adalira monga mwa mwambo. Anthu atabalalika adapeza kuti mumtima mulibe kanthu, ngakhale chisoni. Ankadya akapatsidwa, ankagona kukada.

Patapita miyezi itatu kudabwera lole itanyamula kontena yoyera, nkuitsitsa kuseri kwa sukulu. Mkulu wa anthu amene adabwera nayo, ba Mwila, adafotokoza pamsonkhano kuti boma lapereka ndalama zoyesera batire ya mtundu watsopano, yopangidwa ndi mchere, yosunga magetsi a sola. Ankafuna munthu wodziwa kulemba woti aziyang'anira. Dailes adalekeza giredi 9, ndipo amayi a kutchalitchi adamukweza dzanja iye asanaganize nkomwe.

Ntchito yake inali kupukuta fumbi pamagalasi a sola ndi kukopera m'kope manambala ooneka pachitseko cha kontena, mmawa, masana ndi dzuwa likapendeka. Sadafunsepo tanthauzo lake. Batireyo inkayendetsa pampu ya pachitsime, ndipo anthu otunga madzi ankamuthokoza ngati madziwo ndi ake. Iye ankangogwedeza mutu. Sadajombepo, ngakhale tsiku limene malungo adamugwira.

Chaka chachiwiri, mu Okutobala, kunja kutatentha kwambiri, manambala adayamba kutsika. Pampu inkazima dzuwa lisanalowe. Dailes ankalemba zimene waona, basi.

Ba Mwila adabwera mvula itayamba. Adakhala pamwala nkutsegula makope onse asanu ndi limodzi, tsamba ndi tsamba.

"Amai, batire iyi tizaichosa," adatero potsiriza. "Ndalama za chigawo chachiwiri sizinabwele. Azipeleka ku kafukufuku wina."

"Yakanga?" adafunsa Dailes, pofuna kudziwa ngati batireyo yalephera.

"Yakanga. Siikonda kupya. Koma sembe sitinaziwe popanda mabuku yanu aya. Makina yathu yolemba yanafa mu Juni, imwe simunaleke."

"Oho," adatero Dailes.

"Nifuna kuika zina yanu mu lipoti. Muvomela?"

Dailes adatchula dzina lake pang'onopang'ono, ba Mwila nkulilemba. Lole itabwera sabata yotsatira, anthu adasonkhana, ena akudandaula za pampu, ena akufunsa ngati angasiyireko galasi limodzi. Dailes adaima poteropo atanyamula nsanza yopukutira. Pamalo pomwe padali kontena padatsala udzu wachikasu wofota.

Chaka chimenecho sadalime. Mwana wake Clarissa, amene amagulitsa tomato pamsika wa Chongwe, adamutenga kuti azikhala naye. Dailes amakhala kuseri kwa thebulo, nkumasankha tomato wofewa kumuika padera.

Tsiku lina masana foni ya Clarissa idalira. Ba Mwila anali atatumiza chithunzi cha tsamba limodzi la lipoti, lolembedwa m'Chingerezi. Clarissa adalikulitsa ndi zala, nafuula mpaka amayi a pathebulo loyandikana adatembenuka.

"Amama, onani! Zina yanu iyi, pamozi na madokota!"

Dailes adasuzumira. Zilembozo zinali zazing'ono.

"Alemba bwino Njobvu?"

"Alemba bwino."

Adabweza foniyo. Mayi wina adaima kutsogolo kwa thebulo kufunsa ngati ulipo tomato wosapsa kwenikweni, woti afike naye ku Lusaka, ndipo Dailes adawerama kukamufunafuna m'bokosi lapansi.