Chimbudzi Chinali Kuseri kwa Chigafa

Ndinakwatiwa pachitengwa, kuchoka kwathu ku Ntengo-Wambalame kupita ku Chidzolomondo. Pondilangiza, mayi anga anabwereza chinthu chimodzi mpaka makutu anga anatopa: apongozi aamuna sayang'anidwa m'maso, sadutsidwa pafupi, ndipo asadzakuone ukulowa m'chimbudzi. Ndinamvera ndithu. Ndinamvera mopitirira muyeso, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Pakhomo paja chimbudzi chinali chimodzi, kuseri kwa chigafa cha fodya. Amene anakumba pamenepo sanaganizepo kuti kudzabwera mtengwa. Nyengo yosankha fodya itafika, apongozi anga aamuna ankayala mphasa pakhomo pa chigafacho mame asanakamuke, n'kukhala pompo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kanjira ka kuchimbudzi kankadutsa pamapazi pawo penipeni. Chimanga chinali chitakololedwa, minda ili mbee, ngakhale nkhuku inalibe pobisala. Mwamuna wanga ankanyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija, ku Furancungo, kumudzi ankabwera Loweruka lokha.

Ndiye ndinachita zimene atengwa ambiri amachita koma sanena. Ndinasiya kumwa madzi. M'mawa kapu imodzi ya tiyi wa shuga wambiri, basi, tsiku latha. Kunkazizira, ludzu silinkavuta kwenikweni. Ndikapanikizika ndinkaluma mano mpaka nthawi yokatunga madzi kudambo, n'kukadzithandiza m'mabango. Tangoganizani, munthu wosenza ndowa zitatu patsiku koma osamwako ngakhale chikho chimodzi!

Patapita masabata angapo mkodzo unayamba kuwotcha ngati ndathirapo tsabola. Unkatuluka pang'onopang'ono, wofiirira, ndipo ndikangomaliza ndinkamvanso ngati sindinayambe. Maulendo a kudambo anachuluka, ndipo ndinkachedwako. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti refresko, chakumwa choziziritsa kukhosi chija, imatsuka m'mimba. Ndinamwa mabotolo awiri, moto unangowonjezeka.

Apongozi aakazi anali akuwerenga maulendo anga. Nditalephera kupirira ndinawagwadira n'kuwauza za ululuwo, poganiza kuti mayi ndi mayi.

"Matenda otentha pokodzawo timawadziwa ife," anatero akupeta nyemba, osandiyang'ana. "Sabwera ndi mphepo ayi. Mwana wanga sabata yonse ali ku vila, ku Furancungo. Nanga kudambo kuja, kasanu patsiku, mumakaonana ndi yani?"

Ndikanayankha bwanji? Ndinene kuti amuna anu andikhalira panjira ya kuchimbudzi? Mawu amenewo mtengwa satulutsa pakamwa. Ndinangolira, ndipo kulira kwangako iwo anati ndiko kuvomera.

Loweruka mwamuna wanga anamva nkhaniyo asanazimitse n'komwe mota. Chakudya chimene ndinaphika sanachikhudze. Anati aitana ankhoswe ndipo ndibwerera kwathu. Ukwati wa miyezi isanu ndi umodzi unali kutha, dzina langa likuthera limodzi. Kutchalitchi amayi ankasendera uko ndikakhala pabenchi.

Lolemba ndinadzuka thupi likutentha, msana ukupweteka cham'mbalimu. Mwamuna wanga ananditenga pa mota kupita kuchipatala ku Furancungo. Musaganize kuti chinali chisoni. Ankafuna pepala loti akaonetse ankhoswe.

Anamwino, mayi wachikulire wa magalasi, anandiyeza, anandipatsa kabotolo kokodzeramo, kenako anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo.

"Mumamwa madzi ochuluka bwanji patsiku, mana, mchemwali wanga?"

Ndinawauza zonse, za chigafa, za mphasa, za mabango. Anavula magalasi n'kupukusa mutu, kenako anatuma kuti mwamuna wanga alowe.

"Bambo, khalani apo. Tayeza zonse. Iyi ndi infesau ya m'chikhodzodzo, si matenda a chiwerewere, nada. Akazi anuwa samwa madzi, mkodzo akusunga tsiku lonse, ndiye tizilombo tikuswana mmenemo. Mukanachedwa zikanagwira impso."

Anatembenukira kwa ine atanyamula garafa, botolo lalikulu la pulasitiki limene linali patebulo. "Makomprimidu awa ndiwo mankhwala anu, mumalize onse, ngakhale mumve bwino mawa. Garafa ngati iyi muzimwa yonse tsiku lililonse, n'kuwonjezerapo, madzi owiritsa, mpaka mkodzo uziyera. Refresko, khofi, tiyi wa shuga wambiri, tsabola, mowa, zonsezo siyani kaye, zimangokolezera moto. Masamba ndi zipatso muzidya. Ndipo mukamva kuti mukufuna kutaya madzi, pitani pompo. Kaya pakhala mfumu, kaya padri wa kutchalitchi, dutsani."

Pobwerera mwamuna wanga anayendetsa mota mosamala pamabampu, ndipo anaima pamsika n'kundigulira malalanje. Ine malalanjewo sindinawafune. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha.

"Mukawauze mayi zimene mwamva. Mukawauzenso bambo."

"Iwe, ndikayambe bwanji? Ndikawauze bambo anga kuti mkazi wanga amalephera kukodza chifukwa cha iwo? Angachite manyazi."

Manyazi a bambo! Anga anali atafika kale m'midzi itatu, koma amenewo sanali kanthu.

Mwamuna wanga anakumba chimbudzi china kuseri kwa nyumba yathu, masiku awiri, osauza munthu chifukwa chake. Ankhoswe sanaitanidwe. Ndinamaliza mankhwala, ndinachira, ndipo kuyambira pamenepo garafa yanga ndimapita nayo kumunda, kumsika, ngakhale kumaliro. Mtengwa aliyense wofika m'mudzi muno ndimamukokera pambali tsiku loyamba n'kumuuza kuti amwe madzi ndipo adutse. Ena amandiyesa wopanda mwambo. Zawo zimenezo.

Makolo ake anangouzidwa kuti ndachira, nkhani yatha. Ndinadikira mwezi, ndinadikira chaka, kuti mwina tsiku lina mwamuna wanga adzalimba mtima anene zoona. Tili ndi ana atatu tsopano, ndipo sananenebe.

Chaka chatha kunali chinkhoswe cha mlamu wanga wamng'ono. Apongozi aakazi, akulangiza mtsikana watsopanoyo pamaso pa amayi onse, anandiloza ndi chala mwachikondi ndithu, akumwetulira.

"Banja n'kupirira, mwanawe. Mukumuona mnzanuyu? Anatilakwira kwambiri atangofika kumene. Koma ife tinamukhululukira."

Amayi onse anaomba m'manja.