Matimati a akulu anga

Dzulo mdzukulu wanga amathirira matimati, ndipo fungo la masamba ake linandibwezera ku Madzimoyo, masiku a Chitaganya.

Akulu anga a Esinati anali ndi kadimba kuseri kwa nyumba. Nyengo ya dzuwa loswa mtengo, atate analamula kuti tizule zonse, pakhale bwalo lochitira ukwati wa akuluwo. Mkwati anali bambo waimvi, kalaliki wogwira ntchito ku Halale, amene mkazi wake anali atamwalira.

Tinazula matimati osapsa n'kusalaza mizere ndi makasu, amayi akuwaza madzi kuti fumbi ligone. A Esinati ankazula akulira, manja ali biriwiri. Ine ndinkayesa akulirira mbewu zawo.

"Musalire, akulu," ndinatero. "Ukwati ukatha tidzabzala ena."

"Udzabzala wekha, Tisa," anayankha.

Ndinakwiya poganiza kuti akundithawira ntchito yotunga madzi, moti sindinawalankhule mpaka tsiku limene lole inawatenga.

Patapita chaka kunabwera kalata yoti amwalira pobereka. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Atate ndi amayi ankadziwa chimene mwana wawo ankalirira. Wosadziwa ndinali ine ndekha, ndipo ndine ndekha amene ndinayesa kuwatonthoza.